Makina a malemu mng'ono wanga m'beseni la ku Biwi

Mng'ono wanga atamwalira anasiya mkazi, ana anayi, nyumba ya malata kumudzi kwa mkazi wakeyo ku Dedza, ndi makina ochekera mitengo. Pa zonsezi, chimene chinkadyetsa banja ndi makinawo. Anali akalekale, olemera, utoto wake utasuluka moti munthu sakanadziwa ngati poyamba anali ofiira kapena achikasu. Dzina la kampani imene inawapanga linafufutika ine ndisanapume pa ntchito. Koma ankadula. Ocheka matabwa a kumeneko ankati makina a masiku ano ndi phokoso chabe, akafika pa bulugamu wokhwima amatsamwa, pamene akale aja ankangolowa.

Makinawo anagulidwa pa okushoni ya esiteti ina ya fodya imene inkatsekedwa. Wogula anali mng'ono wangayo, ine ndinapita ngati mboni, chifukwa m'banja mwathu wosunga mapepala ndine. Ndinagwira ntchito yaukalaliki m'nyumba yosungira katundu kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti chinthu chopanda nambala chilibe mwini. Kalaliki wa okushoni analemba pa lisiti kuti makina ochekera amodzi, basi. Nditamufunsa kuti amodzi ake ati, anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Choncho ndinatembenuza makinawo ndekha, ndinapukuta oyilo ndi mpango wanga wa m'thumba, ndinapeza nambala yotukuka pa chitsulo kunsi kwa injini, ndipo ndinaikopera kumbuyo kwa lisiti. Ndinaiwerenga kawiri mokweza. Mng'ono wanga anasaina pansi pake uku akuseka. Lisiti limenelo lili mu envelopu ya khaki, m'sutikesi, kunyumba kwanga ku Area 23, ndipo inki yake sinazilale.

Maliro atatha, abale ena ankafuna makinawo agulitsidwe. Ine ndinakana. Ndinati atsala ndi mlamu wanga, mkazi wa malemu, chifukwa panali wocheka matabwa wina amene anali wokonzeka kumawabwereka n'kumamupatsa gawo la zimene wapeza, ndipo ana akanamadya pamenepo. Vuto linali limodzi. Makinawo anali atayamba kudwala mwini wake asanagone: ukakoka chingwe ankalira pang'ono n'kuzima. Ndinawakulunga m'chiguduli, ndinakwera nawo basi ya ku Lilongwe, ndipo ndinalonjeza mlamu pamaso pa anthu kuti abwera akulira mvula isanayambe.

Ku Biwi ndinalozeredwa kwa amisiri ena, kuseri kwa magalaja, amene anthu ankati makina akale amawadziwa ngati ana awo. Shedi yawo inali ya malata anayi ndi mitengo, pansi pali dothi lakuda ndi oyilo. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu, wosafulumira. Atavundukula chiguduli anaimba mluzu.

"Madala, mwafukula kuti agogo awa?"

Ndinawauza kuti si ofukula, ali ndi lisiti. Sanaliyang'ane n'komwe. Anakanda utoto kunsi kwa thanki ndi chikhadabo, anawerenga nthiti za silinda ndi chala, zija zimaziziritsa injini, anayang'ana mmene chivundikiro chinapindikira, kenako anatchula mtundu wake ndi dziko limene anachokera. Ndinachita chidwi, sindibisa. Anati vuto ndi kachikopa ka m'kabureta, kauma, ndipo ka mtundu umenewu sikapezekanso m'sitolo, tidikire mpaka ena otere atafa kwinakwake.

Ndinalemba pepala lonena kuti ndasiya makina amodzi a nambala yakutiyakuti, athunthu, ndi tcheni chake. Anati cholembera alibe. Ndinawapatsa changa. Anati m'manja muli oyilo. Mapeto ake anadinda chala chachikulu, oyilo yemweyo kukhala inki.

Inapita miyezi inayi. Ndinapitako kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndinaulemba pa kalendala. Nthawi zonse ankandilozera beseni lalikulu pansi pa benchi, lovundikira ndi chiguduli changa chomwe chija, n'kunena kuti, "Ali mmenemo, madala, akupuma." Ine ndinkaona chiguduli changa n'kukhutira. Sindinavundukulepo. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake munthu ngati ine, amene ndinkawerenga mabauti limodzilimodzi pa ntchito, sindinakweze chiguduli chimenecho.

Kutayamba kutentha, mitambo itayamba kusonkhana madzulo, anandiimbira foni kuti makina atheka, ndibwere m'mawa. Ndinasita malaya, ndinatenga envelopu yanga, ndinakwera minibasi. Ndili patali ndinamva kulira kwake, kokhuthala kuja, ndipo zinali ngati ndamva mawu a malemu. Nditakhota pa shedi ndinapeza makinawo ali m'manja mwa bambo wina wamfupi, wa mapewa otambalala, atavala gambutsi kunja kukutentha chotero. Ankawaponda moto uku akumwetulira.

Atazimitsa ndinamupatsa moni, ndinamuthokoza pondiyesera makina, ndipo ndinatambasula manja.

"Pepani abambo," iye anatero, "mwati makina a ndani?"

"A malemu mng'ono wanga."

"Ayi, awa ndi anga. Ndachokera ku Chinsapo, andiimbira dzulo kuti atheka."

Tonse tinatembenukira kwa amisiri. Iwo anali atakhala pa chitini cha penti, akupukuta sipanala yoyera kale.

"Eya," anatero. "Ndakuitanani nonse dala. Khalani pansi, nkhaniyi ndi yofunika mipando."

Mipando panalibe. Tinaimirira.

Zimene anafotokoza ndinazimva katatu ndisanazimvetse. Bambo wa ku Chinsapo, amene amadula mitengo m'mapuloti a anthu n'kumagulitsa nkhuni, anabweretsa makina ake patapita milungu iwiri ine nditasiya anga. Anali a mtundu womwewo ndendende, matenda akenso omwewo. Amisiri anamasula onse awiri. Ndiye pa shedi imeneyo pali kachitidwe kake. Makina amene akudikira sakhala chabe, amabwereketsa ziwalo. Akafuna kudziwa ngati vuto ndi koyilo, amachotsa ya ena n'kuyesera. Wina akabwera mothamanga pulagi itamufera, amamubwereka ya odikira, n'kudzabwezera ina ikapezeka. Ziwalo za anga zinayesedwa pa a bambo uja, za bambo uja pa anga, kupita ndi kubwera. Kenako tsiku lina kamvuluvulu anasasula lata, fumbi linalowa, ndipo iwo anakokolola zonse n'kuthira m'beseni limodzi.

"Popanda kulemba?" ndinafunsa.

"Kulemba chiyani, madala? Ndimazidziwa ndi maso."

"Ndiye tiuzeni ndi masowo."

"Apa ndiye pavuta. Awa ndi mapasa."

Tizikopa tija titapezeka, tiwiri, anayamba kumanga. Pamenepo ndiye anaona kuti silinda imodzi ndi yosalala mkati, inayo ndi yokandika, pisitoni yake itapsa mbali imodzi. Anandigwira dzanja n'kulowetsa chala changa mu yokandikayo, ndipo ndinamva mizere ngati ya pa chokhulira chimanga. Imeneyo, anati, singalirenso, ndipo ina yotere m'Lilongwe muno simungaipeze. Choncho anasankha ziwalo zabwino m'beseni n'kumanga makina amodzi olira. Zotsala zinali pa chiguduli. Silinda yabwino inali imodzi, ife tinali awiri, ndipo iwo sankakumbuka kuti inachokera mwa ndani.

Sindinakalipe. Ndinatsegula envelopu modekha, chifukwa tsiku ngati limeneli ndi limene munthu amasungira mapepala. Ndinati silinda ndi thunthu la injini zimayendera limodzi, tione kaye thunthu. Tinatembenuza makina olira aja, ndinapukuta kunsi, ndinavala magalasi, ndipo ndinawerenga nambala mokweza, bambo wa ku Chinsapo akutsatira ndi chala pa lisiti. Inagwirizana yonse, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza. Bamboyo nkhope inagwa. Ndinamumvera chisoni, koma pepala ndi pepala.

Amisiri anatsokomola. Anatola thunthu linalo pa chiguduli, analipukuta pa ovolosi yawo, n'kundipatsa.

"Werenganinso apa, madala."

Ndinawerenga. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinawerenganso. Inali nambala yomweyo. Ya pa lisiti langa, yolemba ine ndi dzanja langa.

"Mwadinda ndinu," ndinatero.

"Ine? Ndi chiyani, ndi mano? Taonani, ndi yotukuka, inaumbidwira limodzi ndi chitsulo. Imeneyi si nambala ya makina, ndi ya chikombole chimene anaumbiramo thunthu. Onse a mtundu uwu ali nayo. Nambala yeniyeni imakhala pa kachitsulo kopyapyala apa." Analoza timabowo tiwiri tating'ono, topanda kanthu. Pa thunthu linalo timabowo tomweto, topandanso kanthu. "Timathothoka. Mwina kanathothoka inu musanagule."

"Bigi, ndiye kuti ndi lisiti lanulo mutha kutenga makina onse a mtundu uwu m'Malawi muno," anatero wa ku Chinsapo, mphamvu zitabwerera. Amisiri anaseka mpaka kutsamira benchi.

Ine sindinaseke, ndipo mpaka pano sindiona choseketsa. Kampani yanzeru zake ingaumbe bwanji nambala yaitali chotero, yooneka bwino, pamalo pamene munthu aliyense angayang'ane, n'kukhala kuti sikutanthauza kanthu, pamene nambala yofunika aimata pa kachitsulo konga ka chitini cha sopo? Ndani angadziwe zimenezo pa okushoni, dzuwa lili pamutu, anthu akukankhana? Zaka zonsezi ndinkasunga pepala limene linkangonena kuti makinawo ndi makina.

Tinayesa njira zina. Ndinati a mng'ono wanga ankalira pang'ono n'kuzima. Bambo uja anati akenso. Ndinafunsa amisiri ngati silinda yokandika ingalire pang'ono isanaferetu. Anati ingathe. Nanga ya kachikopa kouma? Ingathenso. Ndinafunsa ngati nditabweretsa makina anakoka chingwe n'kumva kulimba kwake. Anati anakoka, chinali cholimba, koma sakukumbuka ngati linali tsiku langa kapena la bambo uja. Tinagwirizana kuti makina asachoke pa shedi, ndipo ndinalemba zimenezo pa pepala, tonse atatu tinasaina, wina ndi chala.

Kunyumba ndinakhuthula sutikesi pa mphasa. Munali makalata a mng'ono wanga, ziphaso za ubatizo za ana ake, kapepala ka tcheni chimene ndinamugulira chaka china, ngakhale chithunzi chake atanyamula makinawo paphewa. Ndinachiyang'ana pa dzuwa nthawi yaitali. Silinda inabisika ndi dzanja lake. Mayi a kunyumba anandipeza ndili chomwecho ndipo anati, "Bwanji osangoitana mwini wake? Inu munawaona kangati makinawo? Iye wagona nawo m'nyumba zaka zonsezi."

Mlamu anabwera Lachitatu, atavalabe zakuda. Ndinakamuchingamira ku depoti. Ndi mayi wochepa mawu, ndipo m'minibasi yopita ku Biwi ndinalankhula ndine ndekha. Ndinafotokoza za beseni, za nambala, za masilinda awiri. Ndiye ndinachita chinthu chimene ndiyenera kuchilemba, popeza ndikulemba zonse. Ndinali nditaona kuti silinda yokandika ija ili ndi nthiti imodzi yobenthuka pakona, pamene yabwino nthiti zake ndi zathunthu. Sindinamuuze kuti aname. Sindinauzepo munthu kuti aname. Ndinangonena, ndikuyang'ana pa windo, kuti yabwino ndi ya nthiti zathunthu. Iye anangopitiriza kuyang'ana kutsogolo. Ndinaganiza kuti mwina sanamve chifukwa cha wailesi.

Amisiri anali atamasulanso makina olira aja, ziwalo zonse ataziyala pa ziguduli ziwiri. Anapatsa mlamu chitini cha penti kuti akhalepo, anamupepesa maliro, bambo wa ku Chinsapo nayenso anavula chipewa n'kupepesa. Kenako awiriwo anayamba kusankha ziwalo zawo ngati anthu osankha nyemba.

Ndinadabwa ndi zimene mayi ameneyu ankadziwa. Anatola chogwirira chokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, anati anakulunga ndi iyeyo chifukwa bambo a ana ankadandaula matuza. Anatola chitsekerero cha thanki chomangidwa ndi kawaya, chivundikiro chimene chinapsa pakona tsiku limene chinatsamira mbaula. Wa ku Chinsapo anatola kamtengo kokokera chingwe kamene anasema yekha, ndi sefa imene anaisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza.

"Bauti iyi ndi yanga, mayi."

"Tengani, abambo, ife zathu zinali zadzimbiri."

"Ndiye mwandinena kuti ndine waukhondo? Akazi anga akanamva!"

Mlamu anamwetulira pang'ono, koyamba chifikireni. Miyulu iwiri inakula, ndipo pakati panatsala kamulu ka zinthu zimene aliyense sankazidziwa, ndi mathunthu awiri aja, ndi masilinda awiri. Amisiri anaika masilindawo patsogolo pa mlamu.

Mlamu anatola yabwino, anaitembenuza, anaibweza. Anatola yokandika, anayendetsa chala pa nthiti yobenthuka.

"Yathu ndi iyi."

"Alamu," ndinatero, "yang'anitsitsani."

"Ndayang'ana. Makina anagwapo pa ngolo tikuchokera ku dimba. Ndi iyi."

Bambo wa ku Chinsapo, mmalo mosangalala, anayamba kukanda m'mutu. "Komatu mayi, kunena zoona, anganso anagwapo. Mumtengo wa mango, ku Kaliyeka. China chake chinathyoka, sindinaone kuti n'chiyani."

Amisiri nawo anatola silindayo n'kuiyang'ana pa kuwala. "Pobenthuka apa mpoyera," anatero pang'onopang'ono. "Zakale zimada. Mwina ndinabenthula ndine tsiku la kamvuluvulu lija, beseni linagunda mwendo wa benchi."

Ndinaimirira pakati pawo, envelopu ili m'manja, osadziwa woti ndimutsutse. Munthu amene ndinabwera kudzalimbana naye ankapereka umboni wondithandiza. Amene anasokoneza zonse ankadziimba yekha mlandu. Amene ndinkamumenyera nkhondo ndiye ankakana chinthu chabwino. Ndinati ngati zili choncho nthitiyo si umboni, tiyambirenso. Ndinati tikhoza kuchita maere, kapena kusinthana makina olirawo mwezi ndi mwezi, ndilemba pangano. Wa ku Chinsapo anati za mwezi ndi mwezi angavomere, ngakhale Dedza ndi kutali.

"Ayi," anatero mlamu. "Ndanena kuti yathu ndi iyi. Amisiri, mangani a bambowa azipita, ntchito ikuwadikira. Athuwo mumange ndi yakeyo."

Mawu ake sanakwere. Amisiri anamanga. Bambo uja anakoka chingwe kawiri, makina analira, ndipo anawazimitsa msanga ngati achita mwano. Anatsanzika mlamu atagwira chipewa pachifuwa, anati akamva za silinda ina kulikonse adzaimba. Anamangirira makinawo pa njinga n'kumapita, osatiyang'ananso. Athu anamangidwa bwinobwino, chogwirira cha mphira, chitsekerero cha kawaya, zonse m'malo mwake. Ndinakoka chingwe ndekha. Chinabwera mopepuka, popanda chogwira mkati.

Mlamu anati makinawo atsale kwa ine, kumudzi angokhala chodabwitsa ana. Ndinamuperekeza ku depoti mpaka pa basi ya ku Dedza. Onyamula katundu ankakuwa, wina ankatikakamiza kugula madzi. Pamenepo ndinalephera kupirira.

"Alamu, ndiuzeni ine ndekha. Munaizindikiradi?"

Anakonza mpango wake kumutu. "Kugwa anagwadi pa ngolo. Ndinamva kuti kanthu kathyoka. Koma sindinapite kukaona, ndinali ndi mwana kumsana."

"Ndiye munalozeranji yakufa? Ana adya chiyani?"

"Munandiuza m'minibasi, alamu."

"Ndinakuuzani yabwino!"

"Eya. Mukanakhala chete, ndikanayang'ana ndi maso anga, mwina ndikanaloza yabwinoyo, mwina inayo, ndipo ndikanagona tulo. Koma nditadziwa, ndinati ndikaitola sindidzadziwanso ngati ndaitola chifukwa ndi ya bambo a ana kapena chifukwa mwandiuza. Dzanja linakana."

Kondakitala anamenya basi ndi chikhatho. Mlamu anakwera, anakhala cha pa windo, ndipo anandiuza kuti ndipereke moni kwa mayi a kunyumba.

Mvula inayamba patapita milungu iwiri. Wocheka matabwa uja anapeza makina ena kwa munthu wina, ndipo mlamu chaka chimenecho analowa maganyu opalira m'minda ya anthu. Abale amene ankafuna kugulitsa aja sanandinene pamaso, koma ndinamva kuti amati makina anapita ku tauni akulira pang'ono, n'kukafera m'manja mwa mwini mapepala. Sindikudziwa ngati silinda ya mng'ono wanga ili m'chipinda mwanga kapena ikudula mitengo ku Chinsapo. Sindikudziwa ngati ndinalanda mlamu chinthu chake ndi chiganizo chimodzi cha m'minibasi, kapena ngati iye anabweza chinthu cha eni chimene ine ndinatsala pang'ono kutenga. Ndikaganiza m'mawa ndimapeza yankho lina, madzulo lina.

Amisiri anandiyezera kukamwa kwa silinda ndi kutalikirana kwa mabauti ake, ndipo ndinazijambula pa katoni. Loweruka lililonse ndimayenda nayo kwa ogulitsa zitsulo zakale, ku Mchesi, ku Kawale, mpaka ku Mgona, kuika katoniyo pa silinda iliyonse imene andionetsa. Iwiri inatsala pang'ono kukwana. Mlamu ndikamuimbira kumuuza zimenezi amangoti zikomo alamu, n'kuyamba kundiuza za mbewu.